Nyenyezi zati sitiyenerana: kodi ndiimitse chinkhoswe?

Kalata ya lero yachokera kwa mtsikana wa zaka 27 amene amagwira ntchito mu mzinda wa Blantyre, ndipo ndaifupikitsa pang'ono.

"Aphunzitsi, ndakhala pa chibwenzi ndi mnyamata wina kwa zaka ziwiri, ndipo akwathu ndi akwawo anagwirizana kale za tsiku la chinkhoswe. Chaka chatha mnzanga wa kuntchito anandiikira pa foni pulogalamu ya horoscope. Ine ndinabadwa pa 5 Ogasiti, choncho akuti ndine Leo, pamene iye anabadwa pa 10 Novembala ndipo akuti ndi Scorpio. Zimene pulogalamuyi imanena za khalidwe langa zimakhala zoona mpaka ndimachita mantha. Tsono imanenanso kuti Leo ndi Scorpio sakhalitsa m'banja chifukwa Scorpio ndi wansanje ndiponso wosunga mangawa. Nditamuuza anangoseka n'kunena kuti ndi zabodza. Pali mayi wina pa WhatsApp amene akuti akhoza kundiwerengera nyenyezi zanga bwinobwino n'kukonza vutoli ndikamutumizira ndalama. Masiku ano tulo sindikuliona. Kodi zimenezi n'zoona? Ndiimitse chinkhoswe?"

Zikomo achemwali chifukwa cha kalata yanu, ndipo mwachita bwino kufunsa musanachite kanthu, pajatu safunsa anadya phula. Musadzione ngati wopepera chifukwa chakuti nkhaniyi yakusowetsani tulo. Anthu ophunzira kwambiri ndiponso a maudindo akuluakulu akhala akukodwa m'zomwezi. Nancy Reagan, mkazi wa Ronald Reagan amene panthawiyo anali mtsogoleri wa dziko la America, anayamba kufunsira kwa mayi wina wopenda nyenyezi dzina lake Joan Quigley mwamuna wake atawomberedwa ndi mfuti mu 1981, ndipo masiku a maulendo ena a pulezidentiyo ankasankhidwa potsatira malangizo a mayiyo. Chimene chinamukankhira kumeneko ndi mantha, ndipo inunso ndi mantha omwewo akukuvutitsani pamene mukuyandikira chinthu chachikulu m'moyo wanu. Ndiyankhiretu funso lanu: musaimitse chinkhoswe chifukwa cha masiku obadwa, ndipo mayi wa pa WhatsApp uja musamutumizire ngakhale tambala. Koma m'kalata yanu muli mawu amodzi, akuti nsanje, amene ndiwabwerera ndikatha kufotokoza za nyenyezizo.

Ndaphunzitsa sayansi ku sekondale zaka zoposa makumi awiri, ndipo ndaimirapo unkhoswe m'mabanja angapo, motero funso lanu landikhudza mbali zonse ziwiri. Kuyang'ana kumwamba pakokha si kulakwa ayi, ndipo makolo athu ankakudziwa bwino kumwambako kuposa ambiri a ife amene timagona pansi pa magetsi. Ankadziwa Nthanda imene imatuluka mbandakucha, ankadziwa Mlalang'amba, Akamwiniatsatana ndi Nsangwe. Nsangwezo zimayamba kuonekera kum'mawa chakumadzulo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, nthawi imene munthu amayenera kukhala atamaliza kugalauza m'munda, ndipo anzathu Azulu ndi Axhosa amazitcha isiLimela, dzina lochokera ku mawu akuti kulima. Asodzi a usipa kunyanja amadziwa kuti mwezi ukawala kwambiri nyali zawo sizikopa nsomba, n'chifukwa chake amadikira mdima. Nzeru zimenezi n'zoona chifukwa munthu aliyense akhoza kuziyesa chaka ndi chaka n'kuona kuti zikuchitikadi, ndiponso tikhoza kufotokoza chimene chimachititsa. Kupenda nyenyezi kumene kuli pa foni yanuko kukunena chinthu china: kuti malo amene dzuwa ndi mapulaneti zinali pa tsiku limene munabadwa ndiwo anaumba khalidwe lanu ndipo akusankhirani munthu womanga naye banja. Chimenecho ndicho tiyenera kuchiika pa sikelo.

Mwambo umenewu unayambira ku Babulo, dera limene lero lili m'dziko la Iraq, kumene ansembe ankalemba pa mapale a dothi zimene ankaona kumwamba kuti achenjeze mfumu za nkhondo, njala kapena chigumula. Poyamba sizinkakhudza munthu wamba. Cha m'zaka za m'ma 400 BC anagawa njira imene dzuwa limaoneka kuti likuyendamo pa chaka m'zigawo 12 zofanana, chilichonse cha madigiri 30, zomwe ndizo zizindikiro monga Leo ndi Scorpio, ndipo phale lakale kwambiri lopenda kubadwa kwa munthu mmodzi limene linapezeka ndi la mu 410 BC. Agiriki anatengera mwambowu n'kuwonjezerapo zawo, ndipo Ptolemy wa ku Alexandria, m'dziko la Egypt, anausanja m'buku m'zaka za m'ma 100 AD. Koma horoscope yachidule imene timaidziwa lero, yongofuna tsiku lobadwa basi, ndi ya dzulodzuloli. Inamera mu nyuzipepala za ku Britain kuchokera mu 1930, pamene Sunday Express inapempha R. H. Naylor kuti alembe za tsogolo la mwana wa banja lachifumu, Margaret, amene anali atangobadwa kumene. Owerenga anaikonda nkhaniyo, nyuzipepala inagulidwa, ndipo akonzi anaona kuti apa pali malonda. Pulogalamu ya pa foni yanu ndi mdzukulu wa tsamba la nyuzipepala limenelo.

Tsopano ndikuuzeni chinthu chimene chimadabwitsa ophunzira anga chaka chilichonse. Pa 5 Ogasiti dzuwa silikhala m'gulu la nyenyezi la Leo. Limakhala mu Cancer, ndipo limalowa mu Leo cha pa 10 Ogasiti. Pa 10 Novembala dzuwa silikhalanso mu Scorpio, limakhala mu Libra. Chifukwa chake n'chakuti dziko lapansi likamazungulira limapendama pang'onopang'ono ngati nguli imene yayamba kutha mphamvu, ndipo kupendama kumeneku kumatenga zaka pafupifupi 26,000 kuti kubwerere pomwe kunayambira. Pa zaka 72 zilizonse kumwamba kumasuntha ndi digiri imodzi poyerekeza ndi kalendala yathu. Hipparchus wa ku Greece anazindikira zimenezi m'zaka za m'ma 100 BC, ndipo kuchokera nthawi imene zizindikiro zija zinakhazikitsidwa, kusunthako kwafika pafupifupi chizindikiro chathunthu. Magulu a nyenyeziwo sali ofanananso kukula monga tchati cha openda nyenyezi chimasonyezera, chifukwa dzuwa limatha masiku pafupifupi 45 mu Virgo koma sabata imodzi yokha mu Scorpio, kenako limadutsa m'gulu lachi 13 lotchedwa Ophiuchus, limene horoscope yanu silitchula n'komwe. Mukanapita kwa wopenda nyenyezi wa ku India, kumene amawerengera kusunthaku, akanakuuzani kuti dzuwa lanu lili mu Cancer ndipo la bwenzi lanu lili mu Libra. Munthu yemweyo, tsiku lomwelo, koma zizindikiro ziwiri zosiyana malinga ndi khomo limene mwagogoda.

Openda nyenyezi a ku Ulaya ndi ku America ali ndi yankho pa mfundo imeneyi, ndipo si bwino kuti ndilibise. Iwo amati zizindikiro zawo sizitsatira nyenyezi zenizenizo koma nyengo za chaka, kuyambira cha pa 21 Malichi pamene usana ndi usiku zimafanana kutalika. Chabwino, koma nyengo za kuti? Leo, kuyambira pa 23 Julayi kufika pa 22 Ogasiti, amati ndi chizindikiro cha moto ndi dzuwa, ndipo kwa iwo imeneyo ndiyodi nthawi yotentha kwambiri. Inu munabadwira kuno, kumene mu Julayi ndi kumayambiriro kwa Ogasiti chiperoni chimakuta Blantyre ndi Thyolo, anthu ali m'majuzi akuwotha moto. Ngati chizindikiro chimatsatira nyenyezi, ndiye kuti chinasuntha kalekale, ndipo ngati chimatsatira nyengo, ndiye kuti kwa ife okhala kum'mwera kwa equator chinayenera kutembenuzidwa. Ndawerenga mayankho angapo a openda nyenyezi pa mfundo imeneyi ndipo palibe limene linandikhutiritsa.

Komabe munthu akhoza kunena kuti, kaya chifukwa chake sitikuchidziwa, bola zimachitika. Mfundo imeneyi ndi yabwino, ndipo ofufuza anaiyesa. Mu 1985 magazini ya sayansi ya Nature inasindikiza kafukufuku wa Shawn Carlson wa ku University of California, amene anagwira ntchito ndi openda nyenyezi 28 odziwika bwino, omwe anavomereza okha dongosolo la mayesowo asanayambe. Aliyense ankapatsidwa tchati cha kubadwa kwa munthu amene sanamuonepo, pamodzi ndi mapepala atatu ofotokoza makhalidwe a anthu, limodzi mwa iwo lokhala la mwini tchatiyo. Iwo anali atanena kuti alondola theka la mayesowo kapena kuposerapo, koma analondola pafupifupi kamodzi pa katatu, zomwe ngakhale mwana wongoloza ndi chala atatsinzina akanachita. Pa nkhani yanu yeniyeni ya banja pali kafukufuku wina wamkulu kwambiri. David Voas wa ku University of Manchester anatenga kalembera wa mu 2001 wa ku England ndi Wales n'kuunika masiku obadwa a mabanja oposa 10 miliyoni, kufuna kuona ngati zizindikiro zina zimakwatirana kwambiri kapena kupewana. Sanapeze kalikonse kosonyeza zimenezo. Kusiyana pang'ono kumene kunaoneka kunachokera ku zolakwika podzaza mafomu, monga munthu kulembera mkazi wake tsiku lobadwa la iye mwini. Zimenezi zimandikumbutsa agogo athu ambiri amene tsiku lobadwa la pa chiphaso chawo cha unzika linangoyerekezedwa pa kalembera wa mu 2017, koma mutawawerengera horoscope ya tsiku longopekalo akhoza kugwedeza mutu kuvomereza.

Kukayikira kumeneku sikunayambe ndi asayansi a masiku ano. Augustine wa ku Hippo, bishopu wamakedzana wa kumpoto kwa Africa, amene ali mnyamata ankakhulupirira openda nyenyezi, anadzasiya ndipo mfundo imene ankaibwereza inali ya mapasa. Ankapereka chitsanzo cha Esau ndi Yakobo, obadwa motsatizana kwambiri mwakuti wina anagwira chidendene cha mnzake, koma makhalidwe ndi moyo wawo n'kusiyana kutalitali. Ngati mukudziwa mapasa alionse kwanuko, ayerekezeni nokha.

Nanga n'chifukwa chiyani zimene foni imanena za inu zikuoneka zoona chonchi? Apa ndiye pagona nkhani, ndipo yankho lake lili m'mutu mwathu. Mu 1948 mphunzitsi wa zamaganizo, Bertram Forer, anapatsa ophunzira ake 39 mafunso okhudza khalidwe, kenako anabwezera aliyense pepala limene anati likufotokoza za iye yekha. Anawapempha kuti apereke malikisi, kuchokera pa 0 kufika pa 5, kusonyeza mmene pepalalo lalondolera, ndipo pakatikati pa malikisi onse panali 4.3. Kenako anawaululira kuti onse analandira pepala lofanana, limene anasonkhanitsa kuchokera m'kabuku ka horoscope kogula pamsewu. Munali mawu onena kuti mumafunitsitsa kuti anthu azikukondani, kuti mumakonda kudzidzudzula nokha, ndiponso kuti nthawi zina mumamasuka pagulu koma nthawi zina mumafuna kukhala panokha. Ndani mwa ife amene angakane zimenezo? Ine ndakhala ndikuchita masewera omwewa ndi ophunzira a Fomu 3, ndipo nthawi zonse mumapezeka mmodzi amene amayang'ana pansi mwamanyazi poganiza kuti aphunzitsi adziwa zinsinsi zake, mpaka ndiwauze kuti asinthane mapepala, kalasi yonse n'kufa nacho chikhakhali. Ku France, mu 1968, Michel Gauquelin analengeza mu nyuzipepala kuti apereka horoscope yaulere, ndipo onse amene anapempha anawatumizira yofanana, yomwe inalembedwa potengera tsiku lobadwa la Marcel Petiot, dokotala amene anaweruzidwa kuti aphedwe chifukwa chopha anthu ambirimbiri. Mwa amene anayankha, oposa 90 pa 100 alionse anati ikunenadi za iwo.

Pamwamba pa zimenezo pali kaiwalidwe kathu. Foni ikanena kuti lero mukangana ndi munthu ndipo mwakanganadi ndi kondakitala wa minibasi, mumakumbukira n'kukauza mnzanu wa kuntchito uja. Masiku khumi amene inalosera zosachitika simuwawerenga. Ngati mukufuna kudziyesa nokha, pemphani mnzanu kuti kwa masabata awiri azikulemberani mauthenga a zizindikiro zitatu tsiku lililonse popanda mayina ake, ndipo madzulo muzisankha umene wafanana ndi tsiku lanu. Mukadzawerengera pamapeto mudzaona nokha kuti wa Leo mwausankha kangati.

Ena amati zonsezi ndi zosangalatsa chabe, palibe amene amavulala nazo. Kwa munthu wowerenga n'kuseka n'kupitiriza ntchito yake, ndikuvomereza. Koma chikhulupiriro chimakhala ndi mphamvu ngakhale chinthu chokhulupiriridwacho chilibe. Ku Japan kuli chikhulupiriro chochokera ku kalendala ya zaka 60, chakuti atsikana obadwa m'chaka cha Hatchi ya Moto amakhala aukali ndipo amafupikitsa moyo wa amuna awo. Chaka choterocho chinali 1966, ndipo ana obadwa anatsika kuchoka pa pafupifupi 1.8 miliyoni mu 1965 kufika pa pafupifupi 1.4 miliyoni, n'kukweranso chaka chotsatira. M'banja zimachitika mwakachetechete koma n'zomwezo. Mukalowa m'nyumba mutanyamula kale chigamulo chakuti mwamunayu ndi wansanje, tsiku limene adzakufunseni kuti mwachedwa kuti mudzamva mawu a Scorpio m'malo mwa mawu a munthu amene amakuderani nkhawa, mudzayankha mokalipa, iyenso adzakwiya, ndipo mudzati foni ija inanena. Ulosiwo mudzakhala mwaukwaniritsa ndi manja anu.

Za mayi wa pa WhatsApp sindichulutsa. Njira yawo ndi imodzimodzi kulikonse: amayamba ndi kukuopsezani, amatchula mtengo wochepa, kenako amapeza vuto lina lalikulu lofuna ndalama zambiri, ndipo zinsinsi zimene mwawauza zimasanduka chingwe chokumangirani. Musamupatse tsiku lobadwa, chithunzi, nambala ya chiphaso kapena dzina la bwenzi lanu. Ngati wayamba kukuopsezani, sungani mauthengawo n'kupita nawo kupolisi.

Kuti ndisakondere, ndinene kuti mwezi wobadwa umakhudzadi moyo wa munthu nthawi zina. Ofufuza m'midzi ya ku Gambia anafalitsa mu 1997 zoti anthu obadwa m'miyezi ya njala ankamwalira ali achinyamata kwambiri kuposa obadwa nthawi yokolola. Chochititsa chake chinali pansi pompano, m'nkhokwe ndi m'matenda a nyengoyo, ndipo sichikukhudzana ndi funso lakuti ndani ayenera kukwatira yani.

Tsopano ndibwerere ku nsanje kuja. Pa unkhoswe ndaona kuti munthu sagwidwa mtima ndi ulosi uliwonse, amagwidwa ndi umene wakhudza pamene panali kale chilonda. Pulogalamu yanu yanena zambiri za Scorpio, zabwino ndi zoipa, koma inu mwanditchulira ziwiri zokha, nsanje ndi kusunga mangawa. Dzifunseni moona mtima ngati munaziona mwa mnyamatayu musanayambe kuwerenga horoscope. Mwakhala naye zaka ziwiri, ndipo umboni wa zaka ziwirizo ndi wolemera kuposa chilichonse chimene tsiku lobadwa lingakuuzeni. Kodi amafufuza foni yanu, amakuletsani kucheza ndi anzanu kapena abale anu, amafuna kudziwa kumene kwapita kwacha iliyonse ya malipiro anu pamene zake sanena? Mukasemphana, kodi amatha kupepesa, kapena amakhala masiku osakulankhulani? Anayamba wakukankhanipo, kukuopsezani kapena kukukakamizani zogonana? Ngati mayankho anu ndi akuti ayi, ndiye kuti chimene chikukuvutani ndi mantha amene pafupifupi aliyense amakhala nawo ukwati ukayandikira, ndipo horoscope yangowapatsa dzina. Ngati ena mwa mayankhowo ndi akuti inde, pamenepo pali chifukwa chenicheni chochedwetsera mwambo, ndipo musachite manyazi kuti makhadi anapita kale kapena kuti anthu anena chiyani. Kambiranani ndi amalume anu kapena amene adzakhale nkhoswe yanu, ndiponso alangizi a mabanja a kumpingo kapena kumzikiti kwanu. Ngati pali kumenya kapena kuopseza, imeneyo si nkhani yongothera kwa ankhoswe: lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la mu 2006 lilipo, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit yothandiza pa nkhani zoterezi.

Bwenzi lanu silinalakwe pa mfundo yake, koma linalakwa poseka, chifukwa munthu akabwera ndi mantha safunika kusekedwa. Mukadzakhalanso pansi musayambe ndi Leo ndi Scorpio, chifukwa mudzangotsutsana za nyenyezi usiku wonse. Muuzeni kuti ukwati ukukuchititsani mantha ndipo mumuuze chimene mukuopa. Mmene adzalandirire mawu amenewo mudzaphunzirapo zambiri za banja limene mukulowa. Nthawi yomweyo mukambirane zimene zimagwetsadi mabanja amene ndawaona pa bwalo la ankhoswe, monga kayendetsedwe ka ndalama, thandizo lopita kwa abale a mbali zonse, kumene mudzakhale, nkhani ya ana, ndiponso kupita limodzi kukayezetsa magazi. Ngati ndinu wopemphera, mukudziwa kale kuti mipingo yachikhristu ndi Chisilamu zimaletsa kufunsira tsogolo kwa openda nyenyezi, ndipo mneneri Yesaya pa chaputala 47 ndime 13 anawanyoza openda nyenyezi a ku Babulo komweko. Sindikutchula zimenezi kuti ndikuwonjezereni mantha ena, koma kuti mudziwe kuti abusa kapena ashehe anu nkhaniyi si yachilendo kwa iwo ndipo mukhoza kuwafikira momasuka.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi tulo. Chotsani pulogalamuyo pa foni kwa mwezi wathunthu, ndipo mnzanu wa kuntchito mumuuze mwaulemu kuti asamakutumizireni mauthenga a horoscope. Masiku oyamba mudzamva ngati mukuyenda mumdima, koma kwa ambiri zimenezo zimatha pasanathe sabata kapena awiri. Ngati patapita masabata awiri kapena atatu tulo sitikubwerabe, chakudya sichikulowa, mtima ukungothamanga, ntchito ikusokonekera, kapena mukupezeka kuti simungachite kanthu musanaone zimene foni yanena, pitani kuchipatala chimene muli nacho pafupi mukafotokoze, chifukwa nkhawa yopitirira muyeso ndi matenda ndipo ili ndi thandizo. Zipatala za boma za m'maboma zimakhala ndi ogwira ntchito oona za matenda a maganizo, ndipo kwa inu a ku Blantyre, ku Queen Elizabeth Central Hospital thandizo lotere limapezeka. Ngati maganizo odzivulaza atakufikirani ngakhale kamodzi, musadikire masabata amenewo, uzani munthu amene mumamukhulupirira ndipo mupite tsiku lomwelo.

Mwezi wa Julayi ukafika, usiku wina wopanda mitambo mutengane ndi bwenzi lanulo mupite pamalo opanda magetsi ambiri cha m'ma 8 koloko, n'kuyang'ana pamwamba chakum'mwera pang'ono. Mudzaona gulu la nyenyezi lopindika mchira ngati chinkhanira, ndipo ameneyo ndiye Scorpio amene wakusowetsani tuloyo, yemwe kuno kwathu amaoneka bwino kuposa ku Ulaya. Nyenyezi yofiirira imene ili pamtima pake ndi Antares, ndipo kuwala kwake kumene mudzaone usiku umenewo kunanyamuka kumeneko zaka pafupifupi 550 zapitazo. Mukatero mudzandilembere, mundiuzenso mmene zokambirana zanu zija zinayendera.